Kukwera Khoma ndi Zala

Anandidula bere lakumanzere, n'kuchotsanso timibulu ta m'khwapa. Ndinali ndi zaka 29.

Musandimvere chisoni, ndinatopa nacho. Anthu achisoni anadzaza pakhonde pathu ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, mwezi wathunthu, kumwa tiyi wathu ndi kupukusa mitu. Palibe amene anandifunsa chimene ndinkaopa. Ankaganiza kuti ndikuopa imfa, kapena kuti palibenso mwamuna adzanditembenukire. Imfa ndinkaiopa ndithu, sindine mwala. Za amuna ndinali nditazitaya kale. Koma chimene ndinkaopa kwenikweni chinali mkono.

Sukulu ndinalekeza mu oyitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, chaka chimene bambo anamwalira. Anzanga amene ndinkawaonetsa masamu lero ali m'maofesi a boma, ndipo tikakumana panjira amatulutsa foni n'kumaiyang'anitsitsa. Ine ndimagulitsa mbatatesi. Magalimoto ochokera ku Chimbonila amatsitsa matumba kumsewu m'mamawa, ndipo kuchokera pamenepo kukafika pamalo anga mumsika umasenza beseni pamutu. Akazi ambiri amadikira mnzawo kuti awatwike. Ine ndinkadzitwika ndekha: beseni pabondo, kuchoka pabondo paphewa, kuchoka paphewa pamutu, mikono yonse m'mwamba. Ndinachita zimenezi zaka khumi.

Malo a mumsika alibe kalata. Ndi a munthu amene amakhalapo. Ukasowa miyezi ingapo ogula amazolowera nkhope ina, oyandikana nawe amazoloweranso, ndipo ukabwerera amakufunsa kuti, "Mukufuna za zingati, mayi?"

Chotupacho ndinachipeza ndikusamba. Chinali cholimba, kukula kwake ngati nyemba, chosapweteka. Ndinachisiya miyezi inayi chifukwa ndinalibe nthawi yokaima pamzere. Chitakula ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu, iwo n'kunditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anadula kanyama n'kukatumiza ku Nampula, ine n'kundiuza kuti ndidikire.

Ndinadikira masabata asanu. Amayi ankaitana azimayi a kutchalitchi kudzapemphera, ine ndinkatuluka. Mumsika ndinayandikana ndi mayi wina wachikulire wachiYao, Msilamu, wogulitsa nyemba, amene tonse timangomuitana kuti amao. Tsiku lina anandiona ndikukalipira wogula popanda chifukwa. Anakoka thumba la nyemba n'kuliika pamapazi panga, ndi lichero pamwamba.

"Sankha," anatero.

"Amao, ine si wantchito wanu."

"Ndikudziwa. Wantchito ndikanamulipira. Sankha, manja ako akuthamangitsa ogula anga."

Ndinasankha. Miyala uku, zofumbwa uku, zabwino m'beseni. Maso akakhala pa nyemba mutu unkasiya kundithamangitsa. M'masabata amenewo ndinasankha matumba atatu, ndipo amao sanandifunsepo kuti chavuta n'chiyani. Atamva kwa ena anangoti, "Allah ndi wamkulu," n'kundiwonjezera thumba lina.

Adotolo anati ndi khansa, ndipo bere liyenera kuchoka lonse. Amayi anayamba kulira pomwepo. Ine ndinafunsa funso limodzi.

"Mkono udzagwira ntchito?"

"Udzagwira, mukamaugwiritsa ntchito."

Ndinatenga mawu oyambawo. Otsalawo ndinawasiya pampando.

Opaleshoni inachitika mu Juni. Amene amadziwa kuzizira kwa Lichinga m'mwezi umenewo adziwa chimene ndikunena. Anandiveka chovala chotseguka kumsana, m'mimba mulibe kanthu, ndipo mano ankagundana moti ndinkawamva m'makutu. Anamwino amene ankandikonza anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, wolankhula chinyanja cha kunyanja, woitana mkazi aliyense kuti mana, ndiye kuti mchemwali.

"Mana, ukunjenjemera ndi mantha kapena kuzizira?"

"Kuzizira."

"Bodza. Koma bulangete ndikubweretsera."

Anabweretsadi, n'kundigwira phazi mpaka pakhomo la chipinda chodulira. Mkatimo anandiuza kuti ndiwerenge mpaka khumi. Ndinawerenga m'Chipwitikizi ngati kusukulu, n'kulekeza pa kwatru, pa zinayi.

Nditadzuka zinali ngati wina wandiika simbi ya makala pachifuwa n'kuiiwala. Kunthiti kunkatuluka kapaipi kopita m'botolo lodontheramo madzi ofiira. Ndinasanza, ndipo kusanzako kunakoka ulusi wonse. Jakisoni ankaziziritsa ululu kwa maola angapo, kenako simbi ija inkabwereranso. Chimene sanandiuze n'chakuti nsonga ya bere idzayabwa. Inkayabwa kwambiri, ndipo ndikati ndikande ndinkangopeza bandeji.

Tsiku lachitatu, anamwino aja akutsuka chilonda, anandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma. Ndinakana. Ndinaona mzere umodzi wautali, kuchokera pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa, wosokedwa ngati pakamwa pa thumba la mbatatesi.

"Ine ndimasoka bwino kuposa apa," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsamira pabedi. "Ndikawauza adotolo abwere adzaphunzire kumsika."

Ponditulutsa anandionetsa mmene ndizikwezera mkono pang'onopang'ono, n'kundipatsa pepala lojambulidwa mkazi ataika manja pakhoma. Ine chifuwa chinkayaka ndipo ndinkangofuna kupita kunyumba. Ndinagwedeza mutu, pepala n'kulipinda. Patapita masiku awiri ndinayatsira mbaula. Ndine ndemwe ndinachita zimenezo, palibe amene ndingamuloze chala.

Sabata yomweyo azakhali anga, alongo awo a bambo, anafika kuchokera ku Chimbonila ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga. Anati msuweniyo azindigwirira malo mumsika mpaka nditachira. Azakhali anabereketsa akazi ambiri kumudzi kwawo, ndipo sakhulupirira kuti pali chilonda chimene iwo sachidziwa. Atandiona ndikuyenda mopindika, dzanja lamanja litagwira chigongono chakumanzere, anaomba m'manja.

"Ha! Anakutulutsa chonchi, mkono uli lendelende? Chilonda chimafuna kugwiridwa. Mkazi akachira timam'manga pamimba, wothyoka timam'manga timitengo. Bwera kuno."

Anatenga nsalu ya kapulana yatsopano, n'kundimanga mkono kunthiti, kuzunguliza kawiri, mfundo kumsana.

Ndinene zoona, zinandikomera. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala ululu unatsika. Mkono ukapanda kugwedezeka chilonda sichinkakoka, ndipo mantha oti ulusi uduka anachoka. M'nsalu imene ija munali motentha. Ndikamapita kokatsukitsa chilonda ndinkaimasula pachipata, pobwerera azakhali n'kundimanganso. Ndinakhala choncho masabata asanu, kudyetsedwa, kusambitsidwa, kuvekedwa, ine amene sindinkalola munthu kundigwirira ngakhale chidebe.

Kenako linafika tsiku lokaonedwanso kuchipatala chachikulu. Ndinapeza anamwino omwe aja. Anayang'ana chipsera n'kunena kuti chapola bwino.

"Tsopano kweza mkono."

Ndinakweza. Unalekeza usanafike paphewa. M'khwapa munali ngati mwamangidwa chingwe chofika kuchigongono, ndipo phewa linali gwa. Ndinayesanso mokakamiza, m'maso munachita mdima.

"Wakumanga ndani?"

Ndinatsitsa mkono, iwo n'kupitiriza.

"Ndakhala pano zaka zambiri, mana, ndimaudziwa mkono womangidwa. Pepala lija lili kuti?"

"Linayatsa moto."

"Chabwino. Phewa lakonso lauma ngati nkhuni, ukayatsire."

Ndinafuna kuwatukwana. Koma pakamwa panatuluka zina. Ndinawauza za beseni, za malo a mumsika, za msuweni. Anamvetsera, kenako anandigwira m'chiuno n'kunditembenuzira kukhoma.

"Ika zala apa. Ziyende ngati kangaude, kukwera. Ukamva kukoka, ima, puma, werenga mpaka khumi. Ukamva kubaya, tsika. Katatu pa tsiku. Ndipo mkono uwu usadzanyamulenso zolemera, udzatupa ngati mtondo. Kunyamula n'kwa wamanja ndi bondo. Uwu ntchito yake n'kugwirizira basi."

"Ndiye udzafika pamutu?"

"Funsa khoma. Ine ndanena zanga."

Nditafika kunyumba azakhali anali pamkeka ndi amayi, nsalu ija itapindidwa pamiyendo pawo kudikira ine. Ndinawauza kuti sindimangidwanso.

"Mwana wa achimwene, ukufuna chilonda chitseguke?"

"Chinapola kale, azakhali. Mwandimanga ngati mbuzi yopita kumsika, onani mkono wauma."

"Wauma chifukwa anakudula! Ine ndinakusamala, lero ndasanduka mfiti?" Anatembenukira kwa amayi. "Mlamu, muuzeni mwana wanu zimene tinakambirana."

Amayi anayang'ana pansi. Azakhali ananena okha. Anali atagwirizana kuti ndikamaliza mankhwala a khansa amene adotolo anati ndizikalandira ku Nampula ndidzapite ku Chimbonila, ndizikakhala pakhomo pawo, kuyang'anira nkhuku ndi ana. Malo a mumsika akhale a msuweni, azitithandiza tonse.

"Ntchito ya beseni yatha kwa iwe. Palibe chamanyazi. Udzadya, udzagona."

"Malo aja ndi anga."

"Malo amafuna mikono iwiri."

"Ndili nayo."

"Pakamwa ngati bambo ako," anatero akuseka. "Chabwino. Tsiku limene udzadzitwike wekha beseni kumsewu n'kufika nalo mumsika, mwana wanga adzanyamula thumba lake n'kukuchokera pamalopo. Mlamu, mwamva, ndinu mboni."

Sanalankhule mwankhanza. Ankangokhulupirira kuti tsikulo silidzafika. Patapita masiku atatu anabwerera kwawo, msuweni anatsala.

Khoma la kuseri kwa nyumba yathu silinapakidwe simenti, bambo anamwalira asanafike kumeneko. Njerwa zili pamtunda, mzere uliwonse umawerengeka. M'mawa mwake ndinaima pamenepo ndi khala m'manja. Dzanja lamanja linafika pamzere wa 22 kuchokera pansi. Lamanzere linalekeza pa 14. Ndinatenga beseni lopanda kanthu, kuliika pamutu pamwamba pa nkhata, n'kuyeza pamene pali mlomo wake. Panali pa 19. Ndinalemba mizere itatu ya khala.

Ululu wa pakhoma ndi wosiyana ndi wa chilonda. Wa chilonda umakupeza wokha, ulibe chochita. Wa pakhoma umachita kuupita wekha katatu pa tsiku, ukudziwa kuti ukukudikira. Zala zimakwera, chingwe cha m'khwapa chimakoka, thukuta limatuluka ngakhale kukuzizira, ndipo umaima pomwepo n'kumawerenga. Masiku oyamba ndinkalekeza pa zisanu.

Kupemphera ndinalephera, ndiye ndinagwiritsa ntchito chimene ndili nacho chambiri, mkwiyo. Mzere uliwonse ndinaupatsa mwini wake. Wa 15 unali wa aphunzitsi aja amene ananena pamaso pa kalasi yonse kuti ine ndidzathera kumsika, ngati kuti kumsika ndi kumanda. Ndinawakwera m'masiku asanu ndi anayi. Wa 16 unali wa mwamuna amene ndinakhala naye zaka zitatu, amene atamva za matenda anga anatumiza uthenga wa pafoni wa mawu anayi. Wa 17 unali wa azimayi a pakhonde aja. Ndinkaima mphuno ili pafupi ndi njerwa, kuwatukwana chapansipansi mmodzimmodzi, ndipo pofika pa khumi ndinkapeza kuti chala chapakati chasuntha pang'ono. Ana a oyandikana nawo ankasuzumira pampanda kudzaona wamisala wolankhula ndi khoma. Ndinkawasiya.

Ndili pa 18 ndinayamba maulendo a ku Nampula kokalandira mankhwala a m'diripi. Msewu ndi wautali, ndipo pobwerera ndinkasanza m'jumbo njira yonse. Tsitsi linathothoka, chakudya chinkamveka ngati chitsulo, miyendo inkakana. Ukabwerako umagona masiku anayi kapena asanu osadzuka. Nditabwerako ulendo wachiwiri ndinakwawira kukhoma n'kupeza kuti ndatsika. Zala zinalekeza pa 16, pa mwamuna uja, ndipo mzere wa khala wa pa 19 unali pamwamba ukundiyang'ana.

Pamenepo ndinalira. Kunali masana, dzuwa lili pamutu, ine chipumi chili panjerwa. Ndinalira ngati mwana, mokweza, mamina ndi dovu. Ndinadziona ndili ku Chimbonila, ndakhala pamkeka ndi mkono umodzi, ndikuingitsa nkhuku za eni.

Amayi anatuluka m'khitchini. Ndinkayembekezera kuti ayamba pemphero, ndipo ndinali nditakonzeka kuwakalipira. Koma anangopukuta manja pansalu, kuima pambali panga, n'kuika zala zawo pakhoma. Anakwera pang'onopang'ono, akubuula, phewa lawo lokalamba likulira. Analekeza pa 17.

Ndinapukuta kumaso. "Nanga inu anakudulani ndani?"

"Iwe. Unkalemera ngati thumba la chimanga, ndipo unakana kutsika kumbuyo mpaka zaka zitatu."

Kuyambira tsiku limenelo tinkaima awiri. Iwo ankawerenga mokweza, ndipo ankabera, kudumpha manambala akatopa. Nditawapitirira anakwiya zenizeni, n'kunena kuti ndikuimirira ndi zala za kumapazi. Ulendo uliwonse wa ku Nampula unkandilanda mzere umodzi kapena iwiri, ine n'kuilandanso. Mvula yoyamba itagwa mankhwala anatha. Patapita milungu itatu chala chinakhudza pa 19, kenako pa 20.

Sindinauze munthu tsiku. Ndinangodzuka m'mawa, kumanga mpango pamutu wopanda tsitsi, kutenga beseni ndi nkhata. Amayi anali atandisokera kathumba kodzaza thonje koika m'kamisolo kuti mbali yakumanzere isaoneke yophwa. Ndinakaika, n'kupita kumsewu.

Galimoto inali itatsitsa kale. Akazi amene ndinkasenza nawo anasiya kukangana za mitengo atandiona. Amao analipo, akudikira nyemba zawo. Ndinathira mbatatesi theka la beseni, chifukwa za mkono wotupa ngati mtondo sindinaziiwale. Amao anayandikira, manja atatambasula kuti anditwike.

"Amao, musakhudze."

"Iwe mwana, Mulungu anatipatsa anzathu."

"Mawa mudzanditwika. Lero ayi."

Anabwerera m'mbuyo. Ndinagwada bondo limodzi, kukokera beseni pabondo linalo ndi dzanja lamanja. Kuchoka pabondo paphewa lamanja. Pamenepo ndi pamene mkono wakumanzere umafunika, apo ayi zonse zimakhuthukira kumbuyo. Ndinaukweza. Chipsera chinakoka kuyambira pakati pa chifuwa mpaka kuchigongono, ndinaluma mlomo, ndipo zala zinagwira mlomo wa beseni. Ndinalisunthira pankhata n'kuimirira.

Kathumba ka thonje kaja kanali katakwera mpaka pakhosi, kakusuzumira panja. Wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. Ndinakasolola ndi dzanja lamanja n'kukaponya m'beseni, pamwamba pa mbatatesi.

"Imeneyo ukugulitsa zingati?" anafunsa amao. "Ikuoneka yofewa."

Onse anaseka, inenso ndinaseka, beseni likugwedezeka pamutu. Kenako ndinayenda. Njira imene ndinkaidutsa osaiganizira inali yaitali tsiku limenelo, matope oterera, njinga zamoto zikuliza mabelu. Dzanja linachita dzanzi koma sindinalitsitse. Akazi atatu ananditsatira pambuyo.

Msuweni anali atakhala pamalo anga, atayala thumba lake, milu yake yaing'onoing'ono ngati ya munthu woopa ogula. Ndinatula beseni patsogolo pake.

"Suntha."

Anayang'ana m'beseni. "Koma asisi, amayi anati beseni. Ili ndi theka."

"Ndikubwerera kukatenga linalo. Theka ndi theka n'chiyani? Iwe unafika mu desima, kalasi ya khumi, werenga."

"Ndiwaimbire kaye amayi."

"Aimbire. Uwauze kuti mboni zilipo zinayi, ndipo mmodzi ndi Msilamu, sanama."

"Ndimanama pa mtengo wa nyemba pokha," anatero amao, amene anali atafika ndi thumba lawo.

Nditabwera ndi theka lachiwiri ndinapeza msuweni atapinda thumba lake, akulira mwakachetechete. Sindinamutonthoze, ndilibe luso limenelo. Ndinangomuuza kuti kumapeto kwa mzere wa tomato kuli mpata, ndipo ndikamulankhulira kwa azimayi a kumeneko. Ali komweko mpaka lero, ndipo milu yake yakula. Azakhali anasunga mawu awo, koma anakhala miyezi iwiri osandilankhula. Amauzabe anthu kuti chilonda changa chinapola bwino chifukwa cha nsalu yawo.

Tsopano ndimayenda maulendo awiri pamene ena amayenda umodzi, ndipo ndimadzuka iwo asanadzuke. Kukazizira chipsera chimaluma. Miyezi itatu iliyonse ndimapita kokaonedwa, ndipo sabata ya ulendowo ndimakalipira aliyense wondiyandikira, ogula amadziwa. Anamwino aja amati phewa lafika pamene lingafike, ndithokoze ndi kusiya kuvutitsa khoma. Sindinawamvere. Dzanja lamanja limafika pa 22, lamanzere pa 20. Kwatsala njerwa ziwiri, ndipo ndi zanga.